Mageji akanama onse awiri

Pantchito ya magetsi a galimoto pali kalamulo kamene amakanika akale amakadziwa ngakhale sanakaphunzire m'kalasi. Geji imodzi ikanama, fufuza geji yomweyo ndi waya wake. Koma mageji awiri akayamba kunama nyengo imodzi, n'kumanamira mbali imodzi, asiye, pita ukaone chimene chimawadyetsa moto.

Galimoto imene yandiganizitsa zimenezi ndi Land Rover ya malume anga, Series III yaifupi ija, mtundu umene unkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1985. Yawoyi ndi ya petulo. Inafika m'manja mwawo itatumikira kale ena, koma mpaka lero imatsitsa mbatata ya kachewere kuchokera kumapiri a kwa Dambe, ku Neno, ndipo nyengo ya manachesi imathamangira ku Mwanza kapena ku Zalewa. Aliyense amene anakwerapo zitunda za kwa Dambe m'dzinja, matope ali m'maondo, akudziwa chifukwa chake nkhalamba yotereyi sinapumebe. Pamsewu wotero dalaivala amadalira timivi tiwiri: ka mafuta, poti malo omwetsera ndi otalikirana, ndi ka kutentha kwa injini, poti chitunda cha giya wani sichichedwa kuwiritsa madzi.

Chaka chatha timivi tonse tiwiri tinayamba kukwera. Ka kutentha kankayandikira pofiira galimoto isanatuluke n'komwe pa boma. Malume ankaima, kutsegula boneti, kugwira payipi ya pamwamba ya rediyeta, kutchera khutu ngati madzi akubwata, koma zonse zili bwinobwino. Atatero kangapo anagamula mlandu.

“Geji iyi yapenga, mphwanga. Usamaimvere.”

Ka mafuta nakonso kanali katakwera. Kankaloza chapakati pamene m'thanki munali mutatsala pang'ono kuuma, ndipo malume ankakayang'ana mosangalala, n'kumauza anzawo pamsika wa Ligowe kuti masiku ano galimoto yawo yasiya kumwa. Geji imeneyo sanaifufuze. Mafuta anawathera pachitunda, matumba ali phaa kumbuyo, kamuvi kakunenabe kuti alipo.

Malume ndi munthu wochenjera, ndipo injini amaimva ndi khutu kuposa anyamata ambiri a mapepala. Komabe bodza lowasautsa analigwira tsiku lomwelo, pamene bodza lowakomera anakhala nalo nyengo yonse osalifunsa kanthu. Chonsecho mabodza awiriwa ankachokera pamalo amodzi.

Kuseri kwa dashibodi, kumbuyo kwa geji ya liwiro, kuli kabokosi kachitsulo koti n'kubisika m'chikhatho. Amakanika timangokatcha leguleta ya mageji. Moto wa m'galimoto sukhazikika. Injini ikazima batire imapereka mavolti 12 ndi pang'ono, injini ikamathamanga altaneta imaukweza kufika cha m'ma 14, mukayatsa nyali ndi mawaipa umatsikanso. Tsono mageji a Smiths a m'galimoto zimenezi amayendera kutentha: moto umadutsa m'kawaya kokulungidwa pa kachitsulo, kachitsulo kamapindika, kamuvi n'kusuntha. Moto ukachuluka kamuvi kamakwera, ngakhale m'thanki musanawonjezeke dontho ndi limodzi lomwe. Leguleta anaiikira zimenezo, kuti mageji awiriwa azilandira mavolti 10 basi, kaya injini ikulira bwanji.

Mmene imachitira zimenezi ndi modabwitsa. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala, ka zitsulo ziwiri zosiyana zomatikizidwa, kokhala ndi mapointi kunsonga. Moto ukalowa kamatentha n'kupindika, mapointi amalekana, moto n'kuduka. Kakazizira kamawongoka, mapointi n'kugundananso. Kamatero ulendo wonse osapuma, ndipo mukaphatikiza nthawi yoyaka ndi yozima zimakwana mavolti 10 aja. Koma mapointi akapserera n'kumamatirana, kapena kabokosiko kakasiya kugunda bwino chitsulo cha galimoto, chimene timati ethi, moto wonse wa batire umalowa m'mageji wosachepetsedwa. Apo onse awiri amakwera limodzi.

Pofufuza leguleta ya galimoto ya malume, ndinayamba ndachotsa waya wa batire, chifukwa kuseri kwa dashibodi mawaya ndi opanikizana ndipo sipanala ikaphonya pamathetheka moto. Ndinamasula masikuluwu n'kukokera mageji kwa ine pang'onopang'ono, kusamala chingwe cha geji ya liwiro. Kuseriko kunali fumbi lofiira la zaka zambirimbiri, chisa cha mavu chouma, ndi kabokosi kaja, katachita dzimbiri m'mbali. Kali ndi timiyendo tolembedwa B ndi I. Pa B pamalowa waya wobiriwira wochokera ku fyuzi, pa I pamatuluka wobiriwira mowala wopita ku mageji. Nditabwezera batire n'kutembenuza kiyi, ndinagunditsa tesita ya babu pa I. Leguleta yamoyo imaphethiritsa babu, kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Iyi inangoyaka kuti ngwee, osaphethira.

Ndinapala kaye dzimbiri pa sikuluwu ya ethi ndi sandipepa, chifukwa maleguleta ambiri amene anthu amataya sakhala atafa, amangokhala atasiya kugunda chitsulo. Sizinasinthe, mapointi anali atapserera. Yatsopano imene inapezeka ku Blantyre ndi yamakono, yopanda kachitsulo koyenda, yokhala ndi kachipi mkati. Imeneyi imafuna galimoto imene waya wa negetivi wa batire ndiye umapita kuthupi, monga zilili pa Series III. Pa galimoto zina zakale zolumikizidwa mosemphana ikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Kungoti chinthu n'chatsopano si umboni wakuti chikunena zoona. Thanki ya Land Rover yaifupi imalowa malita pafupifupi 45. Tinaikhuthula yonse, tinathiramo chigubu cha malita 20, ndipo kamuvi kanakwera mwaulesi n'kukaima m'munsi pang'ono mwa theka, pamene kanayenera kuima. Malume anakayang'anitsitsa nthawi yaitali.

“Mphwanga, kachitsulo kako aka kakundidyera mafuta.”

“Iyayi malume, mafuta ndi omwe aja. Kungoti tsopano mukuwaona mmene alili.”

Tili ana ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti mumtima mwa munthu muli chikumbumtima, ndipo ambirife tinakula tikuyesa kuti chimenecho ndi mawu a Mulungu enieni, osasakaniza ndi kanthu. Munthu akafuna kutseka mkangano amadzigunda pachifuwa nati mtima wanga sukunditsutsa, ndipo tonse timangoti chete, ngati wabwera ndi mboni yoti sitingaifunse mafunso. Funso limene landigwira ine ndi ili: kodi munthu angatsate chikumbumtima chake moona mtima, osadzinamiza dala, koma n'kukhala akuchita choipa? Ngati zingatheke, mwiniwakeyo angazindikire bwanji? Ukakhala pachiwongolero, geji yonama ndi geji yoona zimaoneka chimodzimodzi. Palibe kamuvi kachitatu kokuuza ngati leguleta ili bwino.

Funso loyambalo Paulo analiyankha ndi moyo wake. M'buku la Machitidwe, chaputala 26, akudziteteza pamaso pa mfumu Agripa, anafotokoza kuti pamene ankatsekera Akhristu m'ndende ndi kuvomereza kuti aphedwe, ankaona kuti ndi udindo wake kutero. Sikuti ankachita mtima ukumukaniza. Mtimawo ndi umene unkamutuma. N'chifukwa chake ndimamumvetsa pamene analembera Akorinto, m'kalata yoyamba chaputala 4, kuti ngakhale mumtima mwake sakupezamo mlandu, zimenezo sizimumasula, chifukwa womuweruza ndi Ambuye. Munthu amene geji inamunamizapo kwambiri chotero sangaitengenso ngati woweruza womaliza.

Ife a ku Neno sitifunika kupita ku Yerusalemu kuti tione zimenezi. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Mfumu Yaikulu Dambe, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17. Okalamba anayi ananenedwa kuti ndiwo anatumiza mphenziyo, ndipo gulu la anthu linawapha. Dziko lonse linamva, ndipo kwa nthawi yaitali ukangoti ndimachokera ku Neno anthu ankayamba ndi nkhani imeneyo. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili m'mabuku a kukhoti, pamene chisoni chili pabwalo la maliro.

Chimene chimandiopsa n'chakuti gulu lotere silidziona ngati la zigawenga. Limadziona kuti likulira mwana wosalakwa, likuchotsa choipa m'mudzi, likuteteza ana otsala. Chisoni ndi mantha zikalowa mumtima zosachepetsedwa, timivi tiwiri timakwera limodzi. Koyeza kuipa kwa mnzako kamafika pofiira, koyeza kulungama kwako kamati wadzaza. Ndipo apa pamaposa pa malume paja, chifukwa mabodza onse awiri amakoma. Kupeza munthu womuloza chala n'kopepukirapo kusiyana n'kuvomereza kuti mphenzi imagwa popanda woituma, kuti ikanatha kugwera aliyense, ndipo mawa ikhoza kugwera mwana wako. Palibe amene amaima kuti atsegule boneti.

Ena akamva zotere amati ndiye kuti chikumbumtima n'chosadalirika, tingomvera abusa, amfumu, mneneri kapena boma. Malume nawo, mafuta atawathera, anafuna kumata tepi pa mageji onse awiri kuti asamawaonenso. Dziko lathu linayesapo njira imeneyo. Mu 1967 boma linaletsa Mboni za Yehova, ndipo chifukwa chokana kugula makadi a chipani ambiri anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, mpaka mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Ine si wa Mboni, ndipo pa ziphunzitso zambiri sindigwirizana nawo. Koma ndikaika anthu awiriwa pamodzi, womenyedwa amene anakana kugulitsa chikumbumtima chake ndi womenya amene anapereka chake kwa akuluakulu kuti azimuwerengera, sindivutika kudziwa amene ndingakonde kuti akhale mnansi wanga. Munthu amene wamata tepi pa geji yake amayendabe ndi geji, kungoti ndi ya munthu wina, ndipo nayonso ili ndi leguleta yake imene iye sangaione.

Thomas Aquinas, wansembe ndi mphunzitsi wa ku Italy amene anamwalira mu 1274, analimbana ndi mfundo yomweyi ndipo sanaipeputse. Anaphunzitsa kuti chikumbumtima chimamanga mwiniwake ngakhale chitalakwitsa, chifukwa wochita chimene akukhulupirira kuti n'choipa wasankha choipa mumtima mwake, kaya chinthucho chinali chotani. Koma anawonjezera kuti kuchitsata sikumutsuka munthu nthawi zonse. Ngati kusadziwa kwake n'kodzifunira, kapena kunabwera chifukwa chonyalanyaza zimene anayenera kudziwa, mlandu ulipobe. Ndikawerenga zimenezi ndimaona kuti watitsekera makomo onse awiri othawirapo. Geji sungaitaye, komanso sungabisale kumbuyo kwake.

Nkhaniyi ndinakambirana ndi mkulu wina wa mpingo wa Seventh-day Adventist amene anakulira pafupi ndi Matandani, mishoni ija inayamba mu 1908. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Achimwene, chigubu chanu cha malita 20 chija ndi Baibulo. Muyezo wochokera kunja ulipo kale. Munthu ayeze mtima wake ndi Malemba.”

Ndinavomera, ndipo ndikuvomerabe. Popanda muyezo wochokera kunja kwa mtima wanga ndilibe poyambira. Koma ndinawakumbutsa kuti Paulo uja, akadali Saulo wa ku Tariso, Malemba ankawadziwa kuposa ife tonse awiri, anaphunzira kwa Gamaliyeli, ndipo anapita ku Damasiko ali nawo m'mutu. Maso amene amawerenga Baibulo amadyetsedwa ndi mtima womwe uja. Munthu wokwiya akatsegula buku amapeza vesi ya mkwiyo wake, ndipo tonse tawaonapo anthu onyamula Baibulo akutsogolera kukasaka mfiti. Chimene chinamuimitsa Saulo panjira paja si vesi yatsopano. Anakumana ndi amene ankamuzunzayo, wamoyo, akumufunsa chifukwa chake. Pambuyo pake anatsekulidwa maso ndi Hananiya, mmodzi mwa anthu omwe ankapita kukawamanga.

Mkuluyo anati pamenepo ndiye ntchito ya Mzimu Woyera, ndipo sindinatsutse. Ndinangoti Mzimuyo, mmene ndaonera ine, kawirikawiri amadzera mwa munthu amene ukufuna kumuweruza. Chikumbumtima chimene chasiya kugunda anthu enieni, chimene chimangomva za nkhalamba yonenedwa ufiti kwa ena koma sichinakhale nayo pamphasa n'kuifunsa kuti agogo mwadzuka bwanji, chimayamba kukweza timivi ngakhale mkati mwake musanafe kanthu. Nthawi zambiri chimangofuna kupala dzimbiri. Tinasiyana titagwirizana theka, iwo akutsindika buku, ine ndikutsindika munthu, ndipo ndikuganiza kuti Mkhristu sangasiye chimodzi mwa ziwirizi.

Pali chinanso chimene leguleta yakale ija inandiphunzitsa, chimene yamakonoyi singaphunzitse munthu. Yakaleyo sipereka mavolti 10 pa kamphindi kalikonse. Mwina ikupereka moto wonse, mwina yazimiratu. Chimene chimachititsa kuti geji inene zoona n'chakuti kamuvi kake n'kochedwa. Sikathamangira kuyaka kulikonse kapena kuzima kulikonse, kamadikira n'kuonetsa chapakati. Mukaikapo mita ya manambala, yofulumira ija, manambala amangodumphadumpha, osadziwa kuti muwerenge ati.

Alaliki ena amalonjeza kuti ukatembenuka mtima udzakhala wokhazikika ngati kachipi kaja, tsiku lililonse chimodzimodzi. Ine sindinakumanepo ndi Mkhristu wotero. Amene ndikuwadziwa, ngakhale opemphera kwambiri, amatentha n'kuzizira, lero chifundo, mawa ukali. Odalirika pakati pawo ndi amene anaphunzira kusaweruza mtima uli pamoto wonse. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Mlandu wa pabwalo sunkatha tsiku limodzi, ankhoswe ankapita n'kubwera, mbali zonse zinkalankhula, ndipo akulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Achinyamata amadandaula kuti bwalo la amfumu limachedwa, ndipo nthawi zina limachedwadi mopweteka, makamaka kwa amayi amasiye olandidwa minda. Koma ndikaonetsetsa, zoopsa zambiri zimene gulu limachita zimachitika mtembo usanaikidwe, misozi ili yotentha.

Tsono wolakwa moona mtima ali ndi mlandu kapena ayi? Ine ndikuti kukhulupirira kamuvi si mlandu, chifukwa palibe amene angayende osayang'ana pa dashibodi. Mlandu umayambira pamene umafufuza kokha zimene zikukusautsa, n'kusiya zokukomera zidutse osazifunsa. Mtima ukandiuza kuti ndalakwa, ndimafunsa mafunso ambirimbiri, ndimafuna mboni, ndimakumbutsa zifukwa. Ukandiuza kuti wolakwa ndi uja, ndipo ine ndili bwino, ndiyenera kufunsa mafunso omwewo, ndipo makamaka pamene zinthu ziwirizi zafika nthawi imodzi ndi mphamvu imodzi. Amene sanachitepo zimenezi, kusadziwa kwake sikunamugwere ngati tsoka. Anakusamalira yekha, chifukwa kunkamukomera. Mulungu yekha ndiye akudziwa mulingo wa mlandu wa munthu aliyense, ndipo ndimathokoza kuti ntchito imeneyo si yanga. Koma zoti udindo wofufuza tili nawo, pamenepo sindikayika.

Vuto n'lakuti kufufuza kumeneku sikutheka pa ola la mkwiyo. Kumafuna kukonzeratu. Mvula ikayamba kumapiri a Kirk Range mphenzi idzagwanso, ndipo tsiku lina idzaphanso munthu, monga imachitira kulikonse kumene kuli mapiri ndi mitengo italiitali. Pempho langa kwa akulu a mipingo yonse ya kuno, kwa mashehe ndi kwa nyakwawa, n'lakuti tipanganiretu kunja kukadali kouma. Tsiku limenelo likadzafika, anthu awiri kapena atatu olemekezeka m'mudzi akagone pakhomo pa nkhalamba iliyonse imene dzina lake layamba kunong'onedwa. Wina, wodziwikiratu, aimbire apolisi dzuwa lisanalowe. Abusa kapena ashehe akhale ndi anamfedwa usiku wonse, chifukwa chisoni chawo n'chenicheni ndipo sichiyenera kusiyidwa m'manja mwa oledzera ndi olosera. Za chimene chadzetsa imfayo pasakambidwe pagulu mpaka maliro ataikidwa, anthu atagona tulo, ndipo wonenedwayo alipo kuti adziyankhire yekha. Kumpingo kwathu nkhaniyi ndaipereka kale kwa akulu, ndipo avomera kuti tilembe mayina a odzapita kukagona pakhomopo mwezi wa Novembala usanafike.